Nkhumba Yotentha ya Sekuru Luis

Mukafika ku Norton n'kufunsa za Sekuru Luis, aliyense amene anakulira m'makomboni a m'mapulazi akuuzani chinthu chimodzi: ndi madala aja ankaweta nkhumba yosadya. Nkhumba imeneyi sinalirepo, sinathawepo, ndipo kwa zaka zambirimbiri panalibe mmodzi mwa ife amene anaiona. Koma Sekuru ankaisamala kuposa mano awo, moti manowo anatha onse nkhumbayo ikadalipo.

Anabwera kuchokera ku Tete ali mnyamata, pamodzi ndi akazi awo Mai Ricardina, kudzathyola fodya ngati makolo athu tonse. Kumapeto kwa pulazi yathu kunali labu ya anthu ofufuza za nthaka. Anthuwo ankathira mu feteleza timankhwala totulutsa cheza chosaoneka ndi maso, kuti aone mmene chimanga chimayamwira chakudya. A Luis anayamba ndi kusesa, kenako anapatsidwa kiyi wa kashedi ka kuseri, kosungiramo zonse zoopsa. M'shedimo munali chigubu cha mtovu, ndipo m'kati mwake munali kanthu kochepa ngati njere ya chimanga, koma kaukali zedi.

Vuto linabwera ndi Chingerezi. Kumalabu chigubu chotere amachitchula ndi dzina la nkhumba, ndipo chinthu chikamatulutsa cheza amati n'chotentha. Mai Plaxedes, wasayansi amene ankayang'anira labuyo, anawafotokozera zonsezi bwinobwino, ndipo a Luis anamva bwinobwino. Kungoti atafika kukomboni anamasulira liwu ndi liwu.

"Andipatsa basa, ntchito yatsopano," anatero akukhala pansi. "Ndizisunga nkhumba."

"Nguruve?" anafunsa Mai Jesinta, anansi awo, amene khutu lawo linkamva za nyama ngakhale ali m'tulo.

"Eya. Koma ndi yotentha, musayandikire."

"Yowotcha kale? Maiwe! Ndiye muzidya nokha?"

"Siidyedwa, amayi. Imangokhala m'shedi."

"Anthu oumira onse amalankhula choncho."

Anayesa kufotokoza za mtovu ndi za cheza, koma mawu oyamba aja anali atafika kale kukomboni yonse. Amayi anayamba kusiya madeya ndi makoko a maungu pakhomo la shediyo, kuti ikadzaphedwa pa Khirisimasi asadzaiwalike. A Luis ankatola zonsezo n'kukapatsa nkhuku za Mai Ricardina. Nkhukuzo zinanenepa mpaka kumayenda modendekera, ndipo izi zinangotsimikizira anthu kuti kunyumba imeneyo kukudyedwa zamafuta.

A Luis anali ndi kabokosi koyezera cheza, kamene tinkakatcha nkhululu chifukwa cha kaliridwe kake. Asanatuluke mu labu ankayeza manja, nsapato, ovolosi, mpaka chipewa. Chakudya sichinkalowa m'menemo, ngakhale chingamu. Tsiku lina anathamangitsa mlendo wa suti amene analowa akutafuna mtedza, n'kumuimiritsa panja mpaka atameza. Ife ana tikayandikira khoma la shediyo, mawu awo ankamveka mpaka kumabani oumitsira fodya: "Chokani! Kutali ndiye mankhwala ake!"

Nkhululuyo inagwiranso ntchito zina zimene opanga ake sanaziganizire. Passmore, mnyamata wowotcherera zitsulo, atabwera kudzafunsira mwana wawo Everjoy, Sekuru anamuimiritsa pabwalo n'kumuyendetsa kabokosiko kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Mnyamatayo thukuta kamukamu. Sekuru anamvetsera kwa nthawi yaitali, nkhope ili gwa.

"Sakulira," anatero. "Mutengeni."

"Baba Everjoy, mwana wathu mukumukwatitsa ndi wailesi?" anakalipa Mai Ricardina, akuwaitana Sekuru ndi dzina la mwana wawoyo.

"Ine ndayeza mbali yanga. Zina zonse muyeze ndinu."

Nkhondo yaikulu inali ya zinyalala. Magolovesi ndi timabotolo togwiritsidwa kale ntchito ankaziika m'migolo yolembedwa, n'kuzisiya miyezi yambiri kuti ukali wake uthe wokha. Izi a Luis ankati kuzizira. Koma amayi osankha fodya ankawasirira magolovesiwo, ndipo timabotolo tija tinali tabwino kusungiramo mchere.

"Ndipatseniko awiri chete, awiri okha, Sekuru," ankachonderera Mai Jesinta.

"Sanazizire."

"Ndagwira khoma ine! Likuzizira ngati mphuno ya galu!"

"Mwagwira khoma? Bwerani kuno ndikuyezeni."

Ndipo ankawayeza, anthu akuseka. Ngakhale zinyalalazo zitazizira, nkhululu itakhala chete, Sekuru ankadula golovesi lililonse ndi sizasi, n'kuswa botolo lililonse, kuti wina asakatole kudzala. Kunena zoona tinkawada nazo zimenezi. Tinkati madala amenewa ali ndi nkhanza yosowa nayo ntchito.

Kenako zinthu zinasintha. Pulazi inagawidwa, labu inatsekedwa, ofufuza anamwazikana. Zinyalala zing'onozing'ono zinazizira n'kutayidwa monga mwa malamulo, koma kanthu ka m'chigubu kaja sikanali kozizira pa moyo wa munthu mmodzi. Kanafunika kutengedwa ndi anthu odziwa, pagalimoto yake, kupita kumalo ake. Mai Plaxedes pochoka anawagwira dzanja.

"Sekuru, ndikakonza zoti adzaitenge. Musaisiye yokha kusvikira ndadzoka, mpaka nditabwerera."

"Pitani bwino. Muipeza."

Apa ndiye panagona nkhani, chifukwa Mai Ricardina anali atamanga kale katundu. Ankafuna kubwerera ku Tete miyendo ikadali ndi mphamvu, akaone abale amene anatsala, akadye masau a kwawo. Sutikesi inakhala pafupi ndi chitseko mvula ikubwera n'kupita. Anzawo ena anapita, ena anamwalira, ife tinasanduka aganyu m'minda ya eni atsopano. Sekuru ankalima ganyu m'mawa, masana n'kukakhala pampando wawo moyang'anana ndi shedi.

"Ndinakwatiwa mitala ine," ankatero Mai Ricardina pampopi. "Mkazi mnzanga ndi nguruve, ndipo ndiye wokondedwa."

Tinkaseka, koma maso awo sankaseka nthawi zonse. Maondo anali atayamba kuwavuta, ndipo ndinkawamvera chisoni.

Nthawi imeneyo kunabuka malonda a zitsulo zakale. Mapaipi, mawindo a labu, ngakhale belu la pulazi, zonse zinakwera malole. Ndipo amene anabwera ndi kalole kake kudzaima pakhomo la shedi anali Passmore, mkamwini wawo yemwe.

"Baba, mtovu uli pamsika. Tichotse kanthu kam'katiko, tikataye kudamu, chigubucho ndigulitse. Mawa lomwe inu na Amai mukwera bhazi ya ku Tete."

Mai Ricardina anali pomwepo. Sekuru anawayang'ana, kenako anadzuka.

"Mukwasha, mkamwini wanga, bwera umve."

Anatsegula shedi, n'kuima naye pakhomo, n'kuyatsa nkhululu. Inkangoti tche, tche, mwaulesi. Anaitambasulira pafupi ndi chigubu, ndipo inayamba kulira mothamanga ngati matalala padenga la malata.

"Wamva? Apa ili m'nyumba mwake, chitseko chotseka. Ukaitulutsa siinunkha, siiluma, lero sumva kanthu. Uiika m'thumba la buluku, ufika kunyumba, mwana wako akhala pamwendo pomwepo. Kudamu kumene ukunenako, ng'ombe zimamwa kuti? Amai ako amachapa kuti?"

Passmore anabwerera chafutambuyo mpaka anagunda lole yake.

"Tsekani, Baba. Tsekani msanga."

"Ndatseka. Tsopano pita ukatenge makina ako, chitseko ichi chatha."

Tsiku lomwelo mkamwini amene anabwera kudzatenga chitsulo anawonjezera chitsulo china, n'kuwotcherera mipiringidzo pachitseko ndi pawindo. Mai Ricardina anamuphikira tiyi, kenako anakamasula sutikesi n'kutulutsa juzi, poti chisanu chinali chitayandikira.

Galimoto inabwera tonse titasiya kuiyembekezera, kupatula Sekuru. Inali yoyera, ya zizindikiro zachikasu, ndipo kutsogolo kunatsika Mai Plaxedes, tsitsi litachita imvi. Komboni yonse inakhamukira kumeneko. Anthu a galimotowo anamanga chingwe kutali ndithu, ndipo Sekuru, atavala ovolosi yawo yakale, ankayenda m'mbali mwa chingwecho ngati wapolisi wa pampira.

Amuna amphamvu anatulutsa chinthucho pakangolo, akubuula. Chinali chotuwa, chachifupi, chosaposa chigubu cha mkaka.

"Ndiye nguruve yacho ndi imeneyi?" anakuwa Mai Jesinta. "Ilibe ndi miyendo yomwe! Bwezani madeya anga!"

Anthu anagwa nako kuseka, ngakhale a galimoto aja atawamasulira nkhani yonse. Atakweza chigubucho, anayeza shedi yonse, pansi, makoma, ngodya zonse, nkhululu yawo n'kukhala phee. Mai Plaxedes anayesa kupepesa chifukwa chochedwa, koma Sekuru anangowafunsa ngati kumene ikupitako kuli chitseko cholimba. Atamva kuti chilipo, anavula chipewa n'kuyang'ana galimotoyo mpaka inakhota pamsewu waukulu. Potembenuka anapeza Mai Ricardina ataima kumbuyo kwawo, nsapato za kutchalitchi kuphazi, sutikesi pamutu.

"Mai Everjoy, ngakhale tiyi?" anafunsa Sekuru.

"Mukamwera kumalire, ku Nyamapanda."

Sanapite tsiku lomwelo ayi, tinawakaniza. Passmore anagula nkhumba yeniyeni, ya miyendo ndi mchira, ndipo Mai Jesinta anapatsidwa mwendo wonse kuti mlandu wa madeya uthe. Asanadye anaitana Sekuru kuti aiyeze kaye. Sekuru anaigwira ndi chala n'kunena kuti iyi yokha ndiye yotenthadi, ndipo tidye isanazizire.

Ku Tete anakhalako mvula ziwiri. Mai Ricardina ndiwo anaimba foni kwa Everjoy kunena kuti madala apuma. Anati anafika bwino, anaona mlongo wawo ali moyo, anadya masau mpaka kudandaula m'mimba, ndipo ankagona masana pamkeka osadzidzimuka. Anatinso tisalire kwambiri, chifukwa munthu anamwalira ali kwawo, ntchito atamaliza. Tinalira ndithu.

Shedi ija tsopano mwini munda amasungiramo makasu ndi mbewu. Kumakhala zii kumeneko, ndipo ndikadutsa ndimawasowa madala aja. Ana a masiku ano amasewera pada pakhoma penipeni, ena amakwera padenga. Tsiku lina sindinapirire, ndinangopezeka ndakuwa kuti achoke msanga. Anaima n'kundiyang'ana, ndipo kamtsikana kena kanafunsa kuti, "Chifukwa chiyani, Gogo?"

Koma chifukwacho panalibenso. Ndinawauza kuti apitirize kusewera.