A Langton Sankalola Munthu Kusowa

Pa Dowa boma aliyense ankadziwa kuti a Langton salola munthu kusowa m'kanema. Iwo ndiwo ankamasulira mafilimu pa vidiyo ya a Husseni, kuseri kwa golosale, ngakhale chinenero chomwe ankachidziwa chinali Chichewa chokha.

Matipate atangoyamba, a Husseni ankagula matepi kwa othawa nkhondo a ku Dzaleka. Ambiri anali a nkhani imodzi: asilikali alanda boma, bambo wasowa, mkazi akuzungulira m'maofesi chithunzi chili m'manja. Msilikali akapukusa mutu, a Langton ankaloza ndi kandodo.

"Akuti mayi musalire, amuna anu ali ku Mponela, akuweta nkhumba."

"Kwa azunguko kulinso Mponela?" anafunsa a Vinsenti, telala wa pamsika.

"Mponela ili paliponse."

Tsiku lina kanema anathera pamanda ofukulidwa, mayi uja akudzigwetsa pansi.

"Koma uwo ndi mtembo," anatero a Vinsenti.

"Ndi wa aneba. Mayiwa ndi achifundo chabe."

Mphunzitsi wina wothawa kwawo, wodziwa Chifalansa, anaimirira kuti atsutse. A Langton anamuyang'ana momumvera chisoni.

"Chifalansa chanu n'cha kumudzi, achimwene. Ichi n'cha m'tauni."

Ndiye panali mayi Margareta, ogulitsa zitumbuwa, amene amuna awo anatengedwa pagalimoto m'nthawi ya chipani chimodzi osabwereranso. Tsiku lina kanema atatha anatsalira pabenchi.

"A Langton, nanga anga ali kuti?"

Tonse tinadikira kumva Mponela. A Langton anavula chipewa.

"Tepi imeneyo sindinaionere, mayi."

M'mawa mwake anabwereka njinga, n'kukweza mayiwo pakaliyala. Chilimwe chonse anakwera mapiri, kufunsa aliyense amene anakhalako m'ndende. Ku Ntchisi anapeza mkulu wina amene ankagona chipinda chimodzi ndi amuna a mayiwo, yemwenso anawatseka maso atamwalira. Mayi Margareta anameta tsitsi n'kulira maliro amene anawadikira nthawi yonseyi, a Langton akuwaza nkhuni pasiwa.

Sabata yotsatira, osowa onse a m'kanema anapezeka ku Madisi, atanenepa.

Chifuwa chinawatenga a Langton dzinja lotsatira. Masiku ano a Husseni amangokweza voliyumu. Timakhala duu pamabenchi osamvapo ndi liwu limodzi lomwe, ndipo mayi wa m'kanema akagogoda pakhomo lomaliza, timayamba kutuluka mmodzimmodzi asanamutsegulire.