Ndinawaikira Amalume Mwala Pamzere wa Galimoto Yamagetsi

Mukadzafika kwathu ku Mbombwe n'kumva ana akukuwa kuti "Injini! Injini!", musadzataye nthawi kuyang'ana kumsewu. Sikukhala galimoto. Amakhala akuitana ine. Dzinali ndinalipata chaka chatha pa ukwati wa msuweni wanga, ndipo popeza aliyense akuifotokoza nkhaniyi mmene akufunira (ena mpaka akuti ndinkafuna kuwapusitsa amalume, zomwe si zoona), ndaona kuti ndiinene ndekha.

Ine ndine munthu wamanyazi. Kusukulu yathu yoyendera, aphunzitsi akafunsa funso, yankho ndinkakhala nalo koma mkono unkandilemera. Nditalemba mayeso a Fomu 4, amalume anga, omwe amagula ndi kugulitsa nandolo, anandiika pa kagolosale kawo kuti ndizitchaja mafoni a anthu. Padenga pali sola, pansi pa tebulo pali batire. Ntchitoyi inandiyenera ndithu, chifukwa foni ukaibaya pamoto sifuna kuti uziichezetsa.

Matenda anga ena ndi chidwi. Ndili mwana ndinamasulapo wailesi ya amayi kuti ndione pomwe mawu amalowera. Sinayankhulenso.

Tsiku lina masana, m'mwezi wa Juni, amalume anandisiyira foni yawo kuti itchajidwe, iwo n'kupita kukaona ogulitsa nandolo. Munali bandulo. Pofufuzafufuza ndinapeza vidiyo ya galimoto yatsopano yomwe kampani ina yakunja inali itangolengeza kumene. Yoyendera magetsi okhaokha. Bambo wina wovala bwino anatsegula kutsogolo, pamene timadziwa kuti pamakhala injini, n'kuikamo chikwama cha zovala. Chikwama! Ndinaibwereza vidiyoyo kambirimbiri. Ngati mulibe injini, chimazunguza matayala n'chiyani? Ngati siilira, mbuzi zidziwa bwanji kuti zipatuke? Nanga ikawoloka mtsinje wodzaza, okweramo sagwidwa ndi nyesi?

Pansi pa vidiyoyo panali batani, ndipo analemba kuti ofuna galimotoyi alembetseretu mayina kuti awasungire malo. Ine galimoto sindinkaifuna. Ndinkangofuna kuona chimene chimachitika munthu akadina.

Inafunsa dzina. Apa ndinaganiza mofatsa (ndine munthu wosamala, musaiwale). Ndilembe langa, ine wopanda ngakhale njinga, pamene amalume omwe amandidyetsa akupalasa njinga yakapalasa? Kumeneko kukanakhala kupanda ulemu. Ndinalemba dzina lawo.

Nthawi yomweyo panabwera uthenga wothokoza. Chithunzi cha galimoto yofiira, pansi pake dzina la amalume m'zilembo zikuluzikulu, kenako nambala yathu ya pamzere. Nambalayo inali yaitali ngati ya foni.

Ndisanapeze pofufutira, eni foni anatulukira.

"Mphwanga, dzina langa likutani pansi pa galimotoyi?"

Ndinafunafuna njira yosavuta yofotokozera, ndipo ndinaipeza, tsoka langa. "Zili ngati kogula feteleza, amalume. Munthu umaika mwala pamzere kuti ukusungire malo."

Nkhope yawo inawala. Kwathu kuno mwala wa pamzere si chinthu choseweretsa. Anthu amalawirira m'mamawa, kuika miyala yawo, kubwerera kumunda, ndipo palibe amene amasuntha mwala wa mnzake. Amalume anakhalapo chaka chathunthu osalonjerana ndi munthu wina chifukwa anawakankhira mwala wawo kumbuyo.

"Ndiye kuti mwala wathu uli pamzere?"

"Eya."

"Tili kutsogolo kapena kumbuyo?"

Ndinayang'ana nambala ija. Ndinayang'ananso nkhope yawo, yomwe ndinali ndisanaionepo ikundisangalalira chotero. "Chapakati," ndinatero. Tchimo langa linayambira pamenepo.

"Imamwa chiyani?"

"Magetsi basi. Amaitchaja ngati foni."

Anatuluka panja, n'kuyang'ana sola yathu padenga nthawi yaitali. "Iyi ikhoza?"

Kunena zoona nanenso ndinkafuna kudziwa. "Mwina ikhoza kuyesa," ndinayankha. Ndinayesako kutchula za mtengo, koma iwo anangogwedeza dzanja. "Zimenezo tikakambirana ikafika. Palibe katundu wosanenerera, mphwanga, ndipo chaka chino nandolo wabereka."

Pofika madzulo, pa bawo ponse panali patadziwika kuti amalume, Abambo a Esnati, agula galimoto yotchajira pa sola.

Patapita masiku atatu ndinakhala pansi ndi dikishonale yanga ya kusukulu n'kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa uthenga uja. Ndinapeza zinthu ziwiri. Choyamba, galimotoyo inali isanapangidwe n'komwe. Ankati adzayamba osati chaka chamawa, koma chinacho. Chachiwiri, panali mndandanda wa mayiko omwe idzagulitsidweko. Ndinautsika katatu ndi chala. Malawi munalibe.

Ndinatsimikiza kuti mawa m'mawa ndiwauza. M'mawa mwake ndinawapeza ali ndi amuna atatu akukumba maenje a chisakasa pambali pa golosale, pamalo pomwe panali kadimba ka mpiru ka azakhali, akazi awo. Mpiru unali utazulidwa kale. Azakhali anali chiimire, manja m'chiuno.

"Galimoto yofiira siikhala padzuwa, Amayi a Esnati," amalume ankawafotokozera. "Mpiru mudzagula kumsika, mutakwera."

Kodi ndikanayankhula pamenepo, pamaso pa anthu? Ndinanyamula khasu n'kuwathandiza kukumba.

Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse amalume ankafika pagolosale ndi funso limodzi. "Wauona mwala wathu? Asatisunthire." Ine ndinkatsegula uthenga uja n'kuyankha kuti, "Ulipo." Ndipo unalipodi. Bodza lenileni sindinanenepo (umu ndi mmene ndinkadzitonthozera).

Pali chinthu china chomwe ndiyenera kuvomera. Anthu anayamba kubwera kudzaona chithunzi chija, ndipo ofotokoza ndinali ine. Akabaza ankaimika njinga zawo n'kundiunjirira.

"Aise, ikathera moto pa Mbulumbuzi, mudzapita ndi chigubu kukagula magetsi?"

"Nanga kukachita mitambo sabata yonse, mudzaikoleka ng'ombe?"

Ine ndinkakafufuza, n'kubwera ndi mayankho. Ndinaphunzira za mabatire oyalidwa pansi pa mipando, ndiponso kuti ukaponda buleki moto wina umabwerera m'batire (izi mpaka lero zimandizunguza mutu). Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga anthu akuluakulu ankakhala chete ine ndikamayankhula. Zinkakoma. N'chifukwa chake "mawa ndiwauza" uja anatha miyezi itatu.

Tsono msuweni wanga Esnati, mwana woyamba wa amalume, ukwati wake unali kumapeto kwa Seputembala. Mwamuna wake ndi mphunzitsi wa ku Mikolongwe. Kumudzi kwathu akwatibwi onse, Akhristu ndi Asilamu omwe, amakwera galimoto imodzi, ya Che Amidu, ogulitsa nsalu omwe tinayandikana nawo nyumba. Ndi galimoto yakale, yoyera mwa apo ndi apo, yotsokomola utsi, koma yakwatitsa mudzi wonse.

Pa msonkhano wa komiti ya ukwati Che Amidu anayankhula mwaulemu. "Galimoto ilipo monga mwa nthawi zonse. Koma mundiuziretu msanga. Mafuta akuvuta, ndiyenera kukaigoneka pamzere ku Limbe masiku awiri kapena atatu."

Amalume anaimirira, n'kukonza kolala ya malaya. "Che Amidu, zikomo kwambiri, mwatithandiza zaka zambiri. Koma mwana wanga adzakwera galimoto yopanda phokoso, yopanda utsi, yosamwa mafuta. Si choncho, mphwanga?"

Maso onse anagwera pa ine. Ankhoswe, amayi ophika, abusa amene. "Ili pamzere," ndinanong'ona.

"Mwamva?" anatero amalume.

Che Amidu anangomwetulira n'kusisita ndevu. "Chabwino, bwana. Ifenso mudzatikwezeko."

Amene anandigwira ndi Esnati mwini wake. Iye ankaphunzira kusoka ku Limbe ndipo anabwera kumudzi kutatsala masiku ochepa. Lachinayi, ukwati uli Loweruka, anandipeza pagolosale. Monga mwa chisuweni, iye amanditcha mwamuna wake, ndipo amadziwa kuti ndimachita nazo manyazi.

"Amuna anga, galimoto yanga ili kuti? Mawa ndikufuna kuimanga maluwa."

"Ili pamzere."

"Tandionetsani mzerewo."

Anandilanda foni. Chizungu amachidziwa kuposa ine, dikishonale sanaifune. Anawerenga, kutsika, kubwereranso pamwamba. Kenako anakhala pa thumba la nandolo.

"Iwe," (ulemu wa amuna anga unathera pomwepo) "nambala iyi ndi ya foni kapena ya mzere?"

"Ya mzere."

"Unadziwa liti?"

"Mu Juni."

"Mu Juni! Ndiye ine velo yanga ndiikwekwereze m'fumbi kuchokera kutchalitchi mpaka kuno, akuchimuna onse a ku Mikolongwe akuonerera? Ukawauze abambo. Lero. Apo ayi ndikawauza amayi, ndipo nkhani ya mpiru wawo ija sanaiiwale."

Amalume ndinawapeza akusesa m'chisakasa muja, atawazamo madzi kuti fumbi ligone. Ndinagwada. Ndinafotokoza zonse nditayang'ana pansi.

"Chaka chamawa?" anafunsa.

"Chinacho."

"Kuno ku Malawi?"

"Malawi sanamulembe, amalume."

Anandiyang'ana, tsache lili m'manja. "Ndiye kuti mwala wathu tinakauika pamzere wa eni ake?"

"Eya."

Sanandimenye, sanandikalipire. Bola akanatero. Anangotsamiritsa tsache pa mzati n'kunena kuti, "Kwa Che Amidu upita wekha. Ine nkhope ndilibe."

Che Amidu ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi. Ndisanamalize n'komwe moni anandifunsa kuti, "Bwanji mwanawe, magetsi azima?" Anaseka mpaka tiyi anatayikira pa mkanjo. Atapukuta misozi anati, "Galimoto sindingakanize, Esnati ndi mwana wanga. Koma ndinanena kuti mundiuziretu. Mzere wa ku Limbe sindingaukwanitsenso. M'thanki muli kadontho. Popita itifikitsa. Pobwera, Mulungu ndiye akudziwa."

Loweruka popita zinayenda bwino. Ukwati unadalitsidwa, nthungululu zinalira, mkwati ndi mkwatibwi analowa kumbuyo, amayi a mvano akuimba m'mbali. Ine ndinali pambuyo penipeni, nditavala malaya oyera obwereka, ndikupemphera chamumtima. Titangodutsa mjigo, pamene msewu umayamba kukwera pang'ono, galimoto inatsokomola kawiri, n'kuima zii. Nyimbo nayo inaima.

Che Amidu anatulutsa mutu pawindo. "Mwana wa magetsi uja ali kuti?"

Anthu anapatuka okha, njira inatseguka mpaka pamene ndinaima. Ndinapinda manja a malaya, ndinagwira kumbuyo kwa galimoto, n'kuyamba kukankha. Akabaza awiri anabwera kudzandithandiza pa chikweza, koma ankaseka kwambiri moti mphamvu zawo zinali zochepa. Pang'ono ndi pang'ono matayala anazungulira. Amayi aja anayambiranso nyimbo.

Esnati anatulutsa mutu, velo ikuuluka. "Amuna anga, onjezani giya! Mpunga ukuzizira!"

Thukuta linkandilowa m'maso, fumbi lofiira likumata malaya a eni ake. Kenako ndinamva mayi wina wa akuchimuna, yemwe sankadziwa nkhani yonse, akuuza mnzake mokweza kuti, "Koma zoonadi anthuni. Siikulira. Utsinso palibe!"

Amalume, omwe chichokere kutchalitchi ankayenda atazyolika m'suti yawo, anadzutsa mutu. Anayang'ana galimoto, anayang'ana ine, anakonza tayi.

"Mafutanso siikumwa," anatero. "Si ndinanena ine?"

Msewu wonse unafa nacho chiseko, Che Amidu akuliza hutala. Tinakafika kunyumba moteromo, ndipo amalume analamula kuti ndiikankhire m'chisakasa muja. Ndi galimoto yokhayo yomwe inaimamo mpaka lero. Ndinagwera pa mzati ndikupuma ngati galu, ndipo m'pamene ana anayamba kukuwa dzina lija.

Azakhali anabzalanso mpiru kuseri. M'chisakasamo tsopano timasungamo matumba a nandolo. Ine ndinaphunzirapo kuti zoona ndi bwino kuzinena tsiku lomwelo zikadali zazing'ono, chifukwa ukazisunga zimakula mpaka kufika polemera ngati galimoto yokhala ndi anthu atatu mkati. Phunziroli ndinalimvetsa bwino, msana wanga ndi mboni.

Sabata yatha amalume anabwera pagolosale, anadikira mpaka makasitomala onse atachoka, n'kuweramira kwa ine.

"Mphwanga, mwala uja ukadalipo?"

Ndinatsegula uthenga uja. "Ulipo, amalume."

"Tasunthako?"

Nambala inali yomwe ija, yaitali ngati ya foni. Ndinaiyang'ana. Ndinayang'ananso nkhope yawo.

"Pang'ono," ndinatero.