Tsiku Limene Mkamwini wa a Mkwapatira Anasungunuka Pakhoma

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo iwe ukuseka kumbuyoko, yamba wamva kaye.

Ku Kasiya kunali bambo wina, a Bizaliele Mkwapatira, munthu wamtima wabwino koma waphuma loopsa. Mwana wawo Felesiya anakwatiwa ku Joni, ukwati woyera wa kutchalitchi, koma pamudzipo panalibe amene anauona. Tsono mayi Nachisale, oyandikana nawo nyumba, akafika pamjigo ankati, "Ukwati wanji wopanda mboni? Angolowana basi amenewo." Mawu amenewa ankawapweteka a Mkwapatira mpaka kuwonda nawo.

Kenaka kanema wa ukwatiwo anafika. A Mkwapatira anaitana mudzi wonse kuti Loweruka masana adzadzionere okha, ndipo anapempha a Jekete, mlaliki woyendayenda, kuti abwere ndi makina awo oponya zithunzi pakhoma, aja amati pulojekita. A Jekete anafika Loweruka m'mawa ndi makina ndi batire yake, n'kunena mosapita m'mbali kuti, "Ikangokwana folo koloko ndanyamuka wa ku Mchinji, ndipo chaka chino simundionanso." Ndiye kuti kanema anayenera kuonetsedwa dzuwa likuswa mtengo, mwezi wake Novembala.

A Mkwapatira anali atapaka kale laimu khoma la pabalaza, loyera kuti mbee. Atayesa makina aja, pakhoma panangooneka nsidze ziwiri ndi maluwa akuyenda okha.

"Mwana wanga ali kuti?" anafunsa a Mkwapatira.

"Alipo," anatero a Jekete. "Koma khoma n'loyera, iyenso wavala zoyera, dzuwa nalo likulowa pazenera. M'chipinda chowala chonchi khoma limafunika lotuwa ngati phulusa."

Eee, kuwauza zimenezo! Sitolo ya penti inali kutali, choncho a Mkwapatira anatenga dothi lakuda la kudambo limene akazi awo, a Nangozo, anasungira kuzira nyumba. Anathiramo phulusa, mwaye wa kukhitchini ndi laimu wotsala, n'kuponda ndi mapazi. Munthu wanzeru akanangopaka pang'ono. Iwo anamata ndi manja, n'kumatanso, n'kumatanso, mpaka khoma linanenepa.

Atayesanso, Felesiya anaoneka, koma mwa chizimezime.

"Vuto ndi mazenerawa," anatero a Jekete. "Nsalu zanuzi n'zopyapyala."

A Mkwapatira anayang'ana uku ndi uku, kenaka anayang'ana kudenga. Inu mukudziwa kuti pofolera nyumba timayamba tayala pepala lakuda la pulasitiki, udzu n'kubwera pamwamba. Munthu wamkulu, wandevu zake, anakwera padenga n'kuyamba kusolola pepala lija.

"Bambo a Felesiya," anaitana a Nangozo ali pansi, "uno ndi Novembala."

"Ndiye ndiziti chiyani? Kumwambaku mukuonako mtambo inu? Gwirani makwerero, mayi."

Anadula pepala lija n'kulikhomera pamazenera onse. Apo n'kuti anthu atayamba kudzaza m'nyumba, ena pamkeka, ena pamatumba a chimanga, mayi Nachisale kutsogolo kwenikweni atapinda manja. Kuzenera kunadadi bii. Koma udzu wa padenga unali wakalekale, ndipo popanda pepala dzuwa linkadutsa ngati pasefa. Mkamwini atatulukira pakhoma, nkhope yonse inali madonthomadontho.

"Kodi Felesiya wakwatiwa ndi nkhanga?" anafunsa mayi Nachisale.

Nyumba yonse inafa nacho chiseko. A Mkwapatira manyazi anawagwira, ndipo nthawi inali itadutsa kale thuu koloko. Anatuluka panja, n'kugwada pakati pa bwalo, manja m'mwamba.

"Ambuye, dzuwa lanuli landichititsa manyazi! Nditumizireni mitambo. Kaya ndi mvula imene, ibwere, bola kude!"

A Jekete, pokhala mlaliki, anangozolowera kuyankha. Anati "Amen" asanaganize.

Ana inu, zinazi musamapemphe mofuula. Sipanapite nthawi, kamphepo kanawomba, mtambo wakuda unatulukira kuzambwe, ndipo m'nyumba munada ngati m'nkhokwe. Ndiye chithunzi chake! Felesiya anaoneka bwinobwino, chophimba kumutu chikukwekwereka pansi, akulowa m'tchalitchi pang'onopang'ono. Amayi anaimba nthungululu. A Mkwapatira analira misozi yeniyeni, ya chimwemwe, osaibisa n'komwe.

"Mwaona, mayi Nachisale? Mwaona?"

"Zoyera aliyense amavala," anayankha mayiwo. "Ine ndikudikira mphete."

"Ikubwera mphete! Khalani pomwepo!"

Abusa a mukanemamo anatsegula buku. Mkamwini anapisa dzanja m'thumba. Pomwepo kunja kunangoti waaa!

Madzi anadutsa paudzu paja ngati palibe denga, n'kutsikira pakhoma, ndipo dothi lija linali lisanaume. Inayamba kutsetsereka ndi mphuno ya mkamwini. Kenaka khutu linatsikira paphewa. Abusa anapindika pakati, buku lawo n'kuyenderera mpaka pansi.

"Mayo, mkamwini akusungunuka!" anakuwa mayi wina.

A Mkwapatira analumpha n'kukakumbatira khoma, kuyesa kubweza nkhope ya mkamwini ndi zikhatho. Akakweza chibwano, chipumi chinkagwa. Akagwira chipumi, Felesiya ankapendekeka. "Gwirani abusawo, inu!" ankakuwa, koma anthu anali kalikiliki kuvundikira mitu ndi mikeka. Mapeto ake chikhoma chonse cha dothi chinamatuka n'kuwagwera, thapsa! Anangotsala maso okha akuphethira.

A Jekete ataona dontho lagwera pamakina, anazula nthambo, n'kukulunga makinawo m'jekete, ulendo wa ku Mchinji osatsanzika. Dzanja la mkamwini linazimira lili m'thumba momwemo.

Mayi Nachisale anaimirira, n'kufinya chitenje chawo modekha. "Zikomo potiitana, achimwene. Nkhanga ndaiona, abusa osungunuka ndawaona. Mphete yokha ndiyo sindinaione." Anatuluka, ndipo aliyense anadziwa nkhani imene ikafike pamjigo mawa lake.

A Mkwapatira anakhala pansi m'thope lofika m'akakolo, mvula ikuwagwera m'nyumba mwawo momwe, n'kuyang'ana kudenga mokwiya.

"Koma Ambuye, ine ndinangopempha kuti kude. Zinazi zachokera kuti?"

A Nangozo, amene dothi lawo lozirira linali litathera pamutu pa amuna awo, anawapatsira khasu kuti ayambe kukokolola.

"Tonse tinakumvani pabwalo paja, bambo a Felesiya. Walira mvula, walira matope."