Nkhondo ya Mawu Khumi ndi Asanu ndi Limodzi

Tcherani khutu, inu zigwa za Kasungu, inu zigafa za ku Santhe zonunkha fodya wouma, pakuti ndikusimba za nyengo yoopsa ija pamene amuna ankayamba kupatsa moni foni asanapatse moni akazi awo.

M'masiku amenewo kunali ngwazi, a Mphepo, mphunzitsi wopuma, Njovu ya Choko, Mkuntho Wogwetsa Mayeso. M'mawa uliwonse foni yawo inkatulutsa mawu khumi ndi asanu ndi limodzi oti awagawe m'magulu anayi, anayianayi, ndipo wolakwa kanayi ankagwa osadzukanso. A Mphepo anali atapambana masiku makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi anayi motsatizana. Linatsala limodzi kuti akwane zana, atseke pakamwa a Moffat ogulitsa feteleza, mdani wawo wa pagulu la anzawo pafoni.

Tsiku la zanalo linagwa m'nyengo yosankha fodya. Mayi Esitere, akazi awo, Mkuntho Weniweni wa pakhomopo, anali m'chigafa ndi mulu wa masamba wofika m'chiuno, pamene ngwazi inakhala pa belo la fodya ikumenya nkhondo ndi chala chimodzi. Inaona mbuzi, ng'ombe, nkhumba, galu ndi nkhuku, ziweto zisanu pamalo a zinayi, n'kuukira mosayang'ana kumbuyo. Inasiya galu, inalakwa. Inasiya nkhumba, inalakwa. Inasiya mbuzi, inalakwanso, thukuta kamukamu.

Apa mpomwe dzanja lakuda ndi utomoni wa fodya linatsika ngati mphamba, foni n'kulowa m'mfundo ya chitenje.

"Mayi a Luntha!" anabangula a Mphepo ataimirira pa belo. "Mwagwira mbendera ya fuko! Ine amene ndinaphunzitsa anamwino ndi apolisi, lero ndisekedwe ndi wogulitsa feteleza?"

"Bambo a Luntha," anatero mayiwo osakweza mutu, "zana lanulo tidzakwera nalo lole kupita ku okushoni? Muluwu uthe, foni ituluka."

Ngwazi inalengeza kuti sidzadya. Inadya. Inaopseza kuti ikanena kwa akulu a mpingo, koma inakumbukira kuti mayiwo ndi amene amasunga makiyi a tchalitchi. Pomaliza inagwada pa mulu, mtima ukuwawa kwenikweni, n'kuyamba kumanga masamba anayi alionse amene yakumana nawo.

Mayi Esitere anamasula timitolo tonse. "Fulumirani anadya gaga. Osamanga musanayale mulu wonse. Tsamba loyenera mbali ziwiri liikeni padera; yambani ndi mulu wosakayikitsa, kenako muone wopereŵera. Lidzanena lokha kwawo."

Dzuwa likupendeka mulu unatha, ndipo a Mphepo analandira foni. Chala chinanyamuka kuti chikasiye ng'ombe.

"Imani kaye! Ŵerengani onse ndimve."

Anaŵerenga. Mayiwo anachotsa mitsinje inayi, anachotsa zida zinayi zakumunda, ngati akuthyola masamba a m'munsi.

"Nanga khwangwala, njiwa ndi kadzidzi mwaziona? Zitatu. Nkhukuyo mumaiyesa ili ndi nyanga?"

Foni inawala. Zana linakwana! Njovu ya Choko inagwetsa misozi pa fodya wouma, mayi n'kuikalipira kuti fodyayo awola.

Pangano la mtendere linachitikira pa belo pomwepo, mboni zake tambala ndi sikelo. Anamwa thobwa m'chikho chimodzi, a Mphepo anayankhula kwa mphindi makumi awiri, ndipo onse anadinda chala cha utomoni kuseri kwa foni. Anagwirizana kuti ulemu wonse ukhala wa bambo, koma foni m'mawa izikhala kwa mayi.

Mpaka lero a Moffat amadabwa kuti a Mphepo akumaliza bwanji masewerowo m'mphindi ziwiri, ndipo anafika pobwera panjinga kudzapempha nzeru. Anapeza ngwazi ili chigwadire m'chigafa, ikuyala masamba.

"Chinsinsi n'chiyani, aphunzitsi?"

A Mphepo anasuzumira kukhonde, kumene mayi anakhala mwendo pamwamba pa unzake, foni m'manja.

"Khalani pansi, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Tengani mulu uwo."