Diramu Losadontha la ku Ngungu

Mpaka lero ndikamadutsa mu Ngungu, komboni yathu, pali amayi atatu achikulire amene akandiona amayamba ayang'ana kumwamba asanandipatse moni. Sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala iwo, bwenzi ndikuyenda ndi ambulera ngakhale m'chilimwe.

Ine ndinali fitala ku mgodi kuno ku Kabwe. Ntchito yanga inali ya mapampu ndi mapaipi otulutsa madzi pansi, ndipo mbiri yanga inali imodzi yokha: chimene ndamanga ine sichidontha. Anzanga ankandiseka kuti ndikatseka botolo la munkoyo, thobwa losaledzeretsa la kuno, pamafunika sipanala kuti munthu amwe. (Zinali zoona, ndipo ndinkanyadira.) Kenaka mgodi unatsekedwa, makampani akugulitsidwa uku ndi uku ngati tomato wa madzulo, ife amuna athunthu n'kumaswera pansi pa mtengo kupenya maminibasi akudutsa.

Amene anandichotsa pansi pa mtengopo ndi mnzanga Ba Chanda, Mubemba wokhala ku Railways, amene ku mgodi ankagwira m'chipinda chopimira miyala. Munthu wa mabuku ameneyo. Anandiuza kuti kumaiko kwina kuli mafakitale amene sataya kanthu ka chomera. Mapesi, zitsononkho, makhambi a nzimbe, zonsezi akuti zili ndi shuga wobisala m'kati, ndipo ukamutulutsa n'kumuwiritsa ndi yisiti umapeza sipiriti woyatsira sitovu m'malo mwa palafini. Zotsalira zonyowa n'kudyetsa nkhumba, zouma n'kuumba zoyatsira mbaula m'malo mwa makala. Zinthu zitatu kuchokera ku zinyalala zimene anthu amangotentha. Ndinamva mutu wanga ukuyambanso kugwira ntchito, ndipo ndinene zoona, ndinasangalala ngati mwana.

Tinatolera mapesi m'minda ya cha ku Mpima, makhambi tikumasesa pamsika pomwe anthu amatafunira nzimbe. (Fitala wamkulu, ndikutola zolavula anthu. Ulova ulibe manyazi.) Tinazidula timagawo, n'kuzisinja, n'kuziphika nthawi yaitali ndi madzi othira asidi pang'ono kuti ulusi wake ufewe. Zitazizira Ba Chanda anathiramo laimu wopha ukali wa asidiyo, kenaka yisiti. Poona kuti zikuchedwa kudzuka, tinawonjezamo gaga ndi nthochi zakupsa kwambiri. Zonsezi zinalowa m'diramu lachitsulo limene ndinalikonzera chivindikiro cha mabauti ndi labala, n'kuliimika kuseri kwa nyumba yanga.

Pachivindikiropo Ba Chanda anaboola kabowo n'kulowetsapo kapaipi kopita m'botolo la madzi. Zinthu zitayamba kuwira, botololo linkangoti bwu bwu bwu tsiku lonse. Kwa iwo inali nyimbo. Kwa ine chinali chipongwe, chifukwa moyo wanga wonse thovu lotuluka pachitsulo limatanthauza kuti wina wagwira ntchito yaulesi. Ba Chanda anaona m'mene ndinkakayang'anira kapaipiko, ndipo ponyamuka kupita ku maliro kwawo anandichenjeza.

"Mudala, aka kapaipi osakagwira. Ichi chinthu chifunika chizipema, mpweya uzichoka."

Ndinavomera ndi mutu wokha.

Tsopano mudziwe za mkazi wanga, amake Tisa. Ife ndife a kum'mawa, ndipo mpingo wathu tinabwera nawo kuchokera kwathu. Mumpingomo mowa ndi mlandu: kumwa, kufulula, ngakhale kusunga. Amake Tisa anali atayenda nthawi yaitali ku maphunziro a amayi a Chigwirizano, ndipo mwezi umenewo ndi umene anayenera kuvekedwa bulauzi yoyera ndi duku pamaso pa mpingo wonse. Bulauziyo anasoka okha pamanja. Kuyambira pomwe ntchito yanga inatha, anzawo ena akubwerera kumudzi, katundu wa m'nyumba akutha pang'onopang'ono, chinthu chokhacho chimene ankachiyembekezera akumwetulira chinali bulauzi imeneyo. Mwambo wake ndi wakuti munthu asanavekedwe, amayi busa ndi amayi ena akuluakulu amabwera kudzamuyendera pakhomo, kuona m'mene amakhalira.

Za diramu anali atandifunsa kale, ine n'kuwayankha kuti si mowa, ndi fakitale. Koma fakitale yangayo inali itayamba kununkha moti ngakhale ntchentche zinkauluka mokhotakhota.

"Atate ake Tisa, mailo amayi busa abwera," anatero. "Ichi chinthu chanu chinunkha monga shabini. Chichoseni, napapata."

Kulichotsa sikukanatheka, linali lolemera ngati ng'ombe. Kutaya zam'kati kukananunkhitsa Ngungu yense, komanso mtima sukanalola. Ndinaima n'kumaliyang'ana, ndipo nzeru inabwera yokha. Fungo likutulukira pati? Pakapaipi. Ndiye vuto lili pati? Ndinazula kapaipiko, n'kulowetsa bauti pabowopo ndi labala kuwiri konse, kenaka ndinazungulira chivindikiro chonse ndi sipanala mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Ndinapaka madzi a sopo m'mbali monse monga tinkachitira ku mgodi. Panalibe thovu ngakhale limodzi. Ndinaitana amake Tisa kuti adzanunkhize, ndipo anandiyang'ana ndi maso othokoza amene ndinali ndisanawaone chichokereni ntchito. Samva m'nkhutu ndi ine, nkhwangwa inali m'njira.

Kutacha kunatentha monga kumatenthera mvula isanagwe. Amake Tisa anasesa bwalo mpaka kuoneka mizere ya tsache, anachapa bulauzi ija kuti alendo adzaione ili mbee, n'kuiyanika pachingwe pambali pa nyumba. Masana amayi busa anafika ndi amayi Zulu ndi amayi Tembo, onse atavala zoyera. Anakhala pamphasa pansi pa mtengo wa gwafa. Ine ndinavala jekete, n'kukhala pampando chapatali ngati mwamuna wodziwa ulemu.

Ali mkati mocheza, kuseri kunamveka kuti thii, ngati wina wagenda chitsulo. Amayi busa anatembenuka. Ndinawauza kuti ndi malata, amatero akatenthedwa ndi dzuwa. Kutamvekanso kachiwiri ndinapempha njira, n'kuzungulira nyumba mwaulemu.

Diramu lija silinalinso diramu. Linali litatupa ngati mimba ya mbuzi yodya chinangwa chowawa, pansi pake patatukuka moti linkagwedera lokha. Pabauti limodzi panali kamluzu kakang'ono, mpweya ukudzipezera njira.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanamasula pang'ono. Inu mukuwerenga mukudziwa, ine lero ndikudziwa, ngakhale nkhuku zanga zinkadziwa chifukwa zinali zitasamukira kwa aneba. Koma manja anga anagwira ntchito zaka zonse zija akudziwa chinthu chimodzi. Ndinamva kamluzu, ndinatola sipanala, ndinamanga. Kamluzu kanasiya. (Ndinapukutanso m'manja mokhutira, Mulungu andikhululukire.)

Nditabwerera pampando ndinapeza ayamba pemphero. Amayi busa anali kupempherera nyumba ino, kuti ikhale yowala pakati pa anthu. Tonse tinali titatsinzina.

Ndinagwira ntchito pansi pomwe ankaphulitsa miyala, koma kulira kumene kunamveka tsiku limenelo sindinakumvepo. Nthaka inadumpha. Nditatsegula maso ndinaona chivindikiro changa, mabauti ake ali pomwepo, chikuuluka pamwamba pa mtengo wa gwafa kulunjika padenga la aneba. Kenaka kunagwa mvula. Mvula yofunda, yolemera, ya mapesi owola, gaga ndi nthochi, ikugwa mosathamanga ngati ikusankha pogwera.

Palibe anakuwa. Ndicho chinandiopsa kwambiri. Amayi atatu aja anangokhala chomwecho manja ali chigwirizire, zoyera zawo zitasanduka mtundu wa matope. Paduku la amayi busa panali khambi la nzimbe litaima chilili. Ine ndinali pampando pomwe paja, pakamwa pali yasa, phala likutsikira m'kolala ya jekete. Fungo limene ndinalitsekera lija linatuluka lonse pakamodzi, ndipo panalibe mphuno imene ikanalitcha dzina lina.

Kenaka anthu anayamba kufika. Oyamba anali amuna anzanga a pansi pa mtengo aja, akuthamanga nkhope zili zowala, chifukwa wina anali atafuula kuti ku mgodi ayambanso kuphulitsa, ntchito yabwerera. Atapeza kuti ndi ine, kuwalako kunazima ndikuona. Ena anaseka mpaka kukhala pansi, ena anangotembenuka n'kubwerera.

Amayi busa anachotsa khambi lija pamutu, n'kuliika pamphasa bwinobwino. Sanayang'ane ine.

"Amake Tisa, uyu ni mowa?"

"Si mowa, amayi," ndinalowerera. "Ni project chabe. Ni vopangira mafuta ya mu sitovu."

"Nafunsa amake Tisa."

Mkazi wanga sankayang'ana amayi busa. Maso ake anali pachingwe paja. Bulauzi inali ikadali pomwepo, yolemedwa, ikudontha.

Nkhani inapita kwa akulu a mpingo. Ba Chanda atabwerako ku maliro anadzipereka kukandiikira umboni, ndipo anafotokoza bwino kwambiri za shuga wobisala m'mapesi, za nkhumba ndi za makala. Akuluwo anamvetsera modekha, wina mpaka anafunsa ngati nkhumbazo zimanenepadi. Kumapeto mkulu mmodzi anafunsa funso limodzi lokha: munthu atamwa zimenezo, angaledzere? Ba Chanda, munthu wa choonadi mopitirira muyeso, anati kwambiri. Nkhani inathera pomwepo. Ine anandiimitsa pa Mgonero, zimene ndinaziyembekezera. Koma anatinso amake Tisa ayambe adikira chaka china, popeza zinthuzo zinali pakhomo pawo iwo akudziwa.

Ndinkayembekezera kuti kunyumba kuphulika diramu lachiwiri. Ndinkalifuna, kuti anditukwane zithe. Koma amake Tisa sanaphulike. Anachapa bulauzi ija kangapo, banga la nthochi osachoka, n'kuipinda n'kuiika pansi pa sutikesi. Ankaphika, ankasesa, ankandipatsa madzi osamba, zonse mwakachetechete. Ine ndinkayenda monyang'ama m'nyumba mwanga momwe.

Lamulungu lovekera lija anapita ku tchalitchi. Ndinawauza kuti akhoza kukhala, anthu amvetsa, koma anamanga chitenje chawo n'kutsogola. Anakhala kumbuyo, akuona anzawo amene anaphunzira nawo akuitanidwa mmodzimmodzi, akuvekedwa, mpingo ukuimba. Ndinkawasuzumira kuchokera kumbali ya amuna. Anaimba nawo nyimbo zonse, nkhope ili gwa, m'maso muli gwa.

Pobwerera tinayenda mpaka pafupi ndi nyumba. Pamenepo anaima, n'kundiyang'ana koyamba chichitikireni ngoziyo.

"Mwaona, atate ake Tisa? Na ine sinidontha."

Kuphulika kwa diramu kunandidzidzimutsa, koma mawu amenewo ndi amene anandigwetsa. Ndinakhala pansi pamphepete pa msewu, jekete ili m'thupi, ndipo amene anayamba kulira ndine. Iwo anandilekerera kanthawi ndithu, kenaka anakhala pambali panga n'kuyamba nawo, maminibasi akudutsa, makondakitala akutiyang'ana.

Anavekedwa chaka chotsatira, ndi bulauzi ina imene nsalu yake ndinagula nditagulitsa masipanala anga onse. Fakitale inathera padenga la aneba paja. Ba Chanda mpaka lero amati nzeru ija inali yabwino, inangokumana ndi fitala, ndipo sinditsutsa. Ndinaphunzira kuti chinthu chamoyo chimafuna popumira. Mutu unaphunzira, kunena zoona, koma manja sanamve nawo. N'chifukwa chake kunyumba kwathu amake Tisa akafulula munkoyo, mabotolo amatseka okha, ine n'kundituma kukakhala panja.