Tsiku Limene Ndinamenya Chidole Pathako

Anzanga a kukiliniki ku Wusakile nkhaniyi anaimva kale, ndipo aliyense akuthiramo mchere wake, ndiye bola muimve kwa mwiniwakene. Inde, ndine nesi uja analephera mayeso chifukwa chomenya wodwala. Koma wodwalayo anali wa mphira. (Apa ndi pamene ofalitsa nkhani amadumpha dala.)

Unesi ndagwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndi kasatifiketi kanga. Atsikana amene ndinawaphunzitsa ndekha kupeza mtsempha pamkono wa khanda ankapita kusukulu, kubwerako ndi dipuloma, n'kuyamba kundiuza ine tsiku loti ndipume. Zinkandiwawa, ndisaname. Tsono akuluakulu atatsegula mwayi woti ife akalekale tikawonjezere maphunziro, ndinalembetsa msanga, ndipo anandipatsa tchuthi cha sukulu, chija amapereka kamodzi kokha. Ndinakakhala kwa alamu anga ku Kawama, ku Ndola, mayi wamkulu ndithu ndi kachikwama ka mabuku kumsana.

Za m'kalasi zinkanditulutsa thukuta, koma zamanja ndinkangoseka. Lamulo linali lakuti ukalephera mayeso a zamanja kawiri, omaliza sulemba, umakwera minibasi kubwerera kwanu ndi satifiketi yako yomwe ija. Anzanga a m'kalasi masana aliwonse ankathamangira kuchipinda choyeserera, kumene sukulu inali itangolandira zidole zatsopano. Ankandiitana.

"Ine? Ndikaphunzire kubaya jekeseni pa chidole? Ana inu, ine ndabaya theka la Wusakile!"

Sindinapondeko ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku la mayeso, cha m'ma eyiti m'mawa, ndinaima pakhomo n'kuwerenga kapepala: bambo wopuma ntchito kumgodi, akufunika jekeseni wa pathako, muli ndi maminitsi teni. Ndinati mumtima, teni yonseyo ya chiyani? Nditalowa ndinapeza bedi, chidole chitafunda bulangeti, ndipo pakona panakhala a Sisita Mulenga, oyesa mayeso, ndi pepala lawo pamwendo. Iwo saloledwa kulankhula. Pakhoma panali chigalasi chachikulu, ndiye ndinayamba ndadziyang'anira, kukonza kachipewa, kuona ngati m'mano mulibe kanthu. (Sungani zimenezi, muona.)

Ndinasamba m'manja, kuvala magolovesi, kukoka mankhwala mwachangu changa chija. Kenaka ndinangomva mawu a mwamuna kuchokera pabedi, akupereka moni wa m'mawa m'Chibemba.

"Mwashibukeni, ba Sisita."

Mayo ine! Thonje linagwa, dzanja linapanga lokha chizindikiro cha mtanda. Ndikayang'ana, chifuwa cha chidole chikukwera n'kutsika, maso akuphethira. Palibe anandiuza kuti zidole za masiku ano zimapereka moni. Chabwino, anawauza anthu, koma ine kunalibe.

Ndinalimba mtima. Ndinaganiza kuti ndi mawu ojambuliratu, ngati aja a pafoni okuuza kuti mayunitsi atha, chinena ake awiri atatu n'kukhala chete.

"Tembenukani," ndinatero.

"Awe, ba Sisita, ndi mankhwala anji amenewo?" Chidole chinali chitasinthira ku Chinyanja, kunditsatira ine.

"Ochiritsa. Tembenukani."

"Ine jekeseni ndimaopa. Mapilitsi mulibe?"

Apa ndifotokoze pang'ono, osati kudziikira kumbuyo ayi. Kukiliniki kwathu mzere umafika kugeti dzuwa lisanatenthe, ndipo munthu akayamba mafunso, pakamwa panga pamadziwa pokha zoyankha. Ndinayang'ana wotchi, maminitsi faifi apita, pakamwa n'kuyamba ntchito yake.

"Bambo wamkulu ngati inu! Zaka zonsezi mumalowa pansi pa nthaka, miyala ikugwa uku ndi uku simunaope, lero mukuopa kansingano aka? Kunjaku kuli anzanu akudikira. Mwabwera kudzachira kapena kudzacheza?"

"Ndikufuna ndifunse kaye akazi anga."

"Akazi anu ndi adokotala?"

Cholembera cha a Sisita Mulenga chinkathamanga kwambiri papepala. Ine ndinati eya, mamalikisi akugwa amenewo.

Ndinachitembenuza ndekha chidolecho, kutsitsa thalauza, katani osatseka n'komwe. Tsono ife akale tinaphunzitsidwa ndi masisita akale kuti usanabaye, umayamba wamenya kambama pathako, kuti munthu amve mbamayo, nsingano ilowe iye asakudziwa. Ndachita zimenezi kwa zaka zonsezi osaganiza. Dzanja linanyamuka lokha. Phaa!

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pathako la chidole pali kachigamba kochotseka, kobayapo, kamene amakasintha kakatha. Kanafwamphuka, kugunda thireyi, n'kugubuduka mpaka pansi pa mpando wa a Sisita Mulenga. Chidole chinakuwa kuti "Mayooo!" kenaka chinayamba kuseka. Kuseka kwenikweni, kochita kutsamwa nako. Ine ndili chiimire, jekeseni m'manja, patsogolo panga pali dzenje.

Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kupepesa. Ine ndinagwada, n'kukwawa.

"Pepani a Sisita, takwezani miyendo pang'ono."

Anakweza, nkhope ili gwa. Ndinatola thako la bambo aja, kuliuzira fumbi, kulipukuta payunifomu, kulibwezera pamalo pake ndi chibakera, n'kubaya. Belu linalira. Ndipo potuluka, mwa chizolowezi, ndinakuwa kuti, "Wina alowe!"

Masana anatisonkhanitsa kalasi yonse kuti tikambirane mmene mayeso ayendera. Kutsogolo kunali TV. Apa ndi pamene ndinadziwa kuti m'chipinda muja munali kamera, ndipo chigalasi chija chinali zenera. Kuseri kwake kunakhala aphunzitsi athu a Mwale, ndi maikolofoni, ndipo mawu onse a chidole anali awo. A Mwale amenewa ndi mwana wa mnzanga wa kumphakati kwathu ku Wusakile, ndipo ndinali nditauza kalasi yonse kuti ndinawaona ali m'matewera.

Anthu anaseka ndikuyang'ana m'mano mwanga. Anaseka mtanda uja. Thako litauluka, mtsikana wina anagwa pampando, wina anathawira panja atagwira m'mimba. Inenso ndinaseka nawo, nanga ndikanatani? Koma a Mwale anabweza kanemayo mpaka paja chidole chinati chimaopa jekeseni, n'kutiuza kuti timvetsere osayang'ana.

Ndinali ndisanamvepo mawu anga. Munthu wanena kuti akuopa, ndipo mayi wina waukali akumuchititsa manyazi ngati wamugwira akuba. Ndinachita manyazi oopsa. Bambo anga anagwira ntchito kumgodi mpaka msana unapindika, ndipo nesi wina akanawalankhula choncho ine ndilipo, bwenzi titagwirana malaya.

"Amayi," anatero a Mwale, mwaulemu ndithu, "nsingano munailowetsa pamalo pake penipeni. M'kalasi muno palibe angakuposeni. Koma wodwala wanu dzina lake ndani?"

Dzinalo linali pakalamba ka padzanja la chidolecho, koma sindinakayang'ane.

"Ndipo mbama ija ndimaidziwa bwino," anapitiriza. "Ndinali ndi zaka seveni, ndikudwala malungo. Mpaka lero ndikamadutsa pakiliniki panu ndimawolokera tsidya lina la msewu."

Kalasi inaphulikanso ndi kuseka. Ine mayeso ndinalephera, n'kutsala ndi mwayi umodzi wokha.

Masabata atatu otsatira ndinali woyamba kufika kuchipinda choyeserera. Ndinkapereka moni kwa chidole, kuchiuza dzina langa, kuchifotokozera mankhwala, kuchipempha chilolezo, kutseka katani, dzanja lamanzere litagwira lamanja kuti lisachite zake. Atsikana aja ndinkawanyoza ndiwo ankandiwerengera zimene ndaiwala. Ulendo wachiwiri ndinakhoza, ndipo a Sisita Mulenga anamwetulira, ngakhale ndinaona kuti miyendo anali ataikweza kale.

Patchuthi ndinapita kukathandiza kukiliniki kwathu. Woyamba kulowa anali a Banda, mdala wa kumgodi amene ndakhala ndikumubaya kuyambira kale. Ndinawapatsa moni, kuwafunsa za kunyumba, kuwakhazika pansi, kuwafotokozera bwinobwino za mankhwala awo a chifuwa.

"Kodi muli ndi funso, bambo? Mukundilola ndikubayeni?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, manja atagwira lamba wa thalauza.

"Ba Sisita, ndiuzeni chabe zoona. Mwapeza chiyani m'magazi mwanga? Ndikufa?"

Ndinalumbira kuti ndi chifuwa wamba, koma sanakhulupirire. M'mawa mwake anabweranso ndi akazi awo, ana awiri ndi mkulu wa kumpingo, kuti ndinene pamaso pa onse. Ndinawafotokozera, tonse tinaseka, koma atapita ndinakhala kaye pansi. Munthu ameneyu wandidziwa zaka zonsezi, ndipo tsiku loyamba kumulankhula ngati munthu anaganiza kuti ndikumutsanzika.