Mafuta a nsatsi m'injini ya abwana

Chipewa cha udalaivala ndinachivala tsiku limodzi lokha, ndipo dzuwa lisanalowe chinali chili pamutu pa munthu wina.

Masiku amenewo galimoto mu Blantyre zinali zochepa, iliyonse tinkadziwa mwini wake. Ine ndinkakoka gareta, kangolo konyamulira munthu, kwa mmwenye wina wa sitolo ku Limbe. Mapazi anali ming'alu yokhayokha, ndipo ndinali nditalumbira kuti sindidzakalambira pa ntchito ya ng'ombe. Abwana angawo atagula lole yakufa, Che Jafali, makaniko wawo, n'kuimanganso injini, ndinawakakamira Che Jafaliwo ngati nkhupakupa mpaka anandiphunzitsa chiwongolero. Abwana anati ndikaizoloweretsa bwino injiniyo, lole ndiziyendetsa ndine. Ndikaiwononga, gareta akundidikira.

Che Jafali analankhula momveka. Injini yatsopano imafuna oyilo wopepuka wa m'chitini, osasenzetsa katundu, ndipo koposa zonse osathamanga. Anandisiyira chitinicho n'kupita kumzikiti, poti linali Lachisanu.

Koma ine ndinali munthu woyenda. Pa nkhondo ya Ajeremani, ndili mtengatenga, ndinaona ndi maso angawa azungu akuthira mafuta a nsatsi m'ndege. Ndinadzifunsa kuti mafuta oulutsa chitsulo kumwamba angalephere bwanji lole yoyenda pansi. (Nzeru zimenezi sindinauze aliyense, kuopa kundibera.) Dzulo lake ndinali nditatuma kale mayi a kunyumba kwa apongozi anga ku Chigumula, akatswiri oyenga mafuta a nsatsi odzola, ndipo anabwera nazo nsupa zodzadza. Apongoziwo anatsatira okha m'mawa mwake kudzaona mkamwini akuyendetsa galimoto.

Ndinakhuthula oyilo wa Che Jafali, ndinathira wanga, ndinapukusa hendulo yolizira galimoto. Injini inalira bwino zedi. Utsi wake unkanunkhira ngati mitu ya atsikana pa chinamwali, ndipo ine ndinakhala m'mawa wonse nditawerama pamenepo, kuukoka ndi mphuno monyadira. Palibe anandiuzapo kuti nsatsi yolowera m'mphuno imagwira ntchito yomweyo ya nsatsi yomwera pa supuni.

Masana ndinawakweza apongozi kuti akaone sitolo ya Mandala ku Blantyre. Mwamwambo sitinkayang'anizana, choncho mayi a kunyumba anakhala pakati, apongozi chakuchitseko atatembenuzira nkhope kunja. Tinanyamuka pang'onopang'ono, agalu akutipitirira.

Tisanafike Chichiri, m'mimba munalira. Ndinati mwina ndi giya. Munaliranso, ndipo thukuta linatuluka m'chipewa chatsopanocho.

"Mwatani kodi?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Ndikumvetsera injini."

Inu amene muli ndi apongozi, tandiuzeni, mkamwini angaimitse galimoto n'kunena kuti akupita kukatani? Mawu amenewo pakamwa panga sakanatuluka, ngakhale atandiloza ndi mfuti. Ndinaganiza zofika msanga m'tauni, komwe ndikanazemba ngati ndikukapereka uthenga wa abwana. Ndinaponda moto. Lole inatsetsereka ikubangula, apongozi anayamba kutchula mayina a makolo awo, ine mano nditaluma.

Titafika pamene masiku ano mumati Ginnery Corner, injini inagogoda, inatsokomola, kenako zii. Sindinaiyang'ane n'komwe. Ndinadumpha n'kulowa m'tchire la m'mbali mwa njanji, ndipo kumbuyo ndinamva apongozi akufunsa mwana wawo ngati chinthucho chikufuna kuphulika. Mayi a kunyumba (Mulungu awadalitse) anayankha kuti ndapita kukafuna madzi a injini.

Ndinabwerako patapita nthawi ndithu, wopanda madzi. Apongozi anayang'ana phiri la Soche n'kuuza mwana wawo motsitsa mawu kuti auze bambowo amwe phala la mgaiwa lopanda mchere. Manyazi amene ndinachita sindinawachitenso m'moyo wanga.

Lole anaikoka ndi ng'ombe kubwerera ku Limbe. Che Jafali atatsegula injini anapeza phala lakuda lomata, ananunkhiza n'kundiyang'ana. Abwana sanakalipe. Anangochotsa chipewa pamutu panga n'kuveka wantchito wina, kenako anandilozera pamene panali gareta. Zinandipweteka kwambiri, ndisanama.

Komabe mpaka lero ndimakana kuti mlandu unali wa nsatsi. Ndinangoiwala kusefa. Mafuta otsalawo ndinkapaka pa tayala la gareta, ndipo zaka zonse zimene ndinamukoka sanalirepo ngakhale kamodzi.